Chilimwe Chimene Amayi Anagawa Mapiritsi Awo

Kuseri kwa chitseko chathu ku Chaisa, komboni ina ya m'tauni, kunkakhala kachidutswa ka lata, kopindika m'mbali, kakuda bii ndi mwaye. Ntchito yake inali yopalira moto. Amene wayamba kukoleza mbaula m'mawa ndiye ankayatsira nyumba yonse, ndipo kawirikawiri woyambayo ankakhala amayi, poti ankalawirira kukazinga zitumbuwa zogulitsa pamsewu. Ana a eni ankafika manthongo ali m'maso, amayi n'kuwaikira makala ofiira pakalatapo, n'kuwauza kuti afulumire koma asagwe. Kalatako kankazungulira makomo onse n'kudzapezeka kabwerera madzulo, wokabweza osadziwika.

Nyumbayo inali ya lendi, zipinda zondondozana, banja lililonse chipinda chake. Zipupa za pakati sizinkafika kudenga, choncho mnzako akayetsemula iwe unkamva, akakazinga tinsomba ta kapenta iwe unkadya fungo. Pamalo otere chinthu sichikhala cha munthu mmodzi. Mchere, sefa, singano, ayironi ya makala, zonse zinkayenda khomo ndi khomo. Mankhwala nawonso ankayenda chimodzimodzi. Zaka zimenezo kuchipatala anali atayamba kulipiritsa, ndiye mwana akatentha thupi mayi ake ankayamba wagogoda kwa mnzake, kufunsa ngati anatsalako mapiritsi a malungo. Kumana munthu mankhwala uli nawo chinali chinthu chochititsa manyazi kuposa kuba nkhuku.

Tinkakhala awiri, ine ndi amayi. Atate anachotsedwa ntchito kampani yawo itagulitsidwa, anapita ku migodi kukasaka ina, ndipo anamwalira komweko atadwala nthawi yaitali. Ine ndinali m'giredi yachinayi, wamng'ono thupi koma wamkulu pakamwa.

Amayi anayamba kutsokomola mvula ili mkati. Ankadzuka bulangete litanyowa ndi thukuta, ndipo chitenje chinayamba kuwazungulira m'chiuno mopitirira. Makasitomala a zitumbuwa anathawa mmodzimmodzi. Amalume, mchimwene wawo wa amayi amene ankawotcherera zitsulo ku Matero, ndiwo anawakokera kuchipatala. Atayezedwa makhololo anauzidwa kuti ndi chifuwa chachikulu, chimene aliyense ankangochitcha kuti tibi. Anabwerako ndi timapaketi ta mapiritsi a mwezi wathunthu, ena oyera, ena ofiira, pamodzi ndi lamulo la anesi: kumwa m'mawa uliwonse asanadye kanthu, osadumphitsa, kwa miyezi yambirimbiri, ngakhale atamva kuti achira.

M'mawa wina ndikukataya chidebe chokodzeramo ndinaona kuti madzi ake ndi ofiira. Ndinalira kuti amayi akutha magazi. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. "Ni mankhwala yasebenza, iwe," anatero. Ndipo anagwiradi ntchito. Pofika nyengo yachisanu masaya anabwerera, anayambanso kuimba nyimbo za kwaya uku akukanda ufa, ndipo fungo la mafuta otentha linabwerera pakhomo pathu. Ndinaona ngati nkhani yatha.

Koma chifuwa sichinachoke m'nyumbamo. Chinangosamukira kuseri kwa chipupa, kwa amake mapasa.

Mayi ameneyu ankagwira ntchito kumayadi, kunyumba za olemera, kuchapa ndi kulera khanda la abwana. Ankanyamuka wapansi kusanayere bwino, ndipo malipiro akewo ndiwo ankadyetsa mapasa ndi bambo awo amene analibe ntchito. Abwana akanangomva kuti wolera mwana ali ndi tibi, ntchito ikanatha tsiku lomwelo. Komanso odwala chifuwa ankadikira pabenchi yawoyawo kuchipatala, poonekera kumsewu, ndipo odutsa ankanong'onezana kuti amene wakhala pamenepo ndiye kuti ali ndi kaliwondewonde, matenda aja amene ankatha anthu m'makomboni koma osatchulidwa dzina. Amake mapasa anasankha kumwa madzi a mandimu ndi kumeza chifuwa chake tsiku lonse kuntchito. Akafika kunyumba chinkatuluka chonse, chouma, chong'amba pamtima, ife tikumvera pamwamba pa chipupa.

Sindikudziwa ngati anapempha kapena amayi anangoganiza okha. Chimene ndinaona ndi ichi. M'mawa amayi ankakhuthulira mapiritsi a tsikulo m'mbale, n'kuwagawa pawiri ndi chala. Gawo limodzi ankameza, linalo ankalikulunga m'kapepala, n'kukwera pampando, n'kulipatsira pampata wa pamwamba pa chipupa. Dzanja lowonda linkatulukira mbali inayo n'kulandira. Masiku amene mnzawoyo watsokomola kwambiri ankamupatsa onse, iwo n'kukhala osamwa. Akatsika pampandopo ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Kupatsa n'kuika." Ine ndinkanyadira kuti palibe mayi wina wamtima ngati wanga, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo amenewo.

Nkhaniyi inatuluka chifukwa cha phunziro la miyambi. Aphunzitsi athu a Chinyanja, mayi wamtali amene ankavala juzi imodzimodzi chisanu chonse, analemba pabolodi kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, n'kufunsa amene angapereke chitsanzo. Dzanja langa linali m'mwamba asanamalize kufunsa. Ndinafotokoza zonse, za mbale, za mpando, za kapepala, ndikudikira kuti anzanga andiombere m'manja. Aphunzitsi sanandiyamikire. Anaika choko patebulo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati tikaweruka ndiwadikire.

Tinayenda limodzi mpaka kwathu, fumbi la Julayi likutilowa m'maso. Amayi anawayalira chitenje pampando womwe uja, n'kuwapatsa zitumbuwa zotentha. Aphunzitsi anadya chimodzi, mwina pofuna kuonetsa kuti sakunyansidwa nawo. Kenako analankhula motsitsa mawu, koma m'nyumba imene ija mawu otsika kunalibe. Anati tizilombo ta chifuwachi n'touma mutu. Mankhwala okwanira amatipha pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amamwedwa nthawi yaitali. Koma mankhwala a theka amangotikomola, ndipo timene tapulumuka timadzuka titawazolowera, moti ukadzamwanso sitiwamva. Anati mapiritsi amenewo anawerengedwera thupi limodzi, ndipo kuwagawa pawiri sikuchiza anthu awiri, koma kusiya onse awiri ali odwala.

Amayi anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anati, "Ba ticha, namvela. Manje ine nizimwa neka, munzanga azikosomola apa pa chipupa? Ningagone bwanji?"

Kuseri kwa chipupa kunamveka munthu akulira. Amake mapasa anali atabwerako msanga tsikulo, ndipo anamva zonse.

Aphunzitsi aja, Mulungu awakumbukire kumene ali. Loweruka lotsatira anamutenga mayi wa mapasayo n'kupita naye kuchipatala cha kutali, mbali ina ya tauni, kumene kunalibe womudziwa. Anabwerako ndi timapaketi take. Kuntchito anapempha tchuthi ponena kuti kumudzi kwagwa maliro, ndipo pobwerera chifuwa chinali chitatsika. Amayi anayambanso kumwa mapiritsi awo onse. Za ine anangonditsina tsaya n'kunena kuti pakamwa panga padzandigulira milandu.

Tinachedwa. Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa mapepala m'misewu, chifuwa cha amayi chinabwerera, ndipo ulendo uno chinabwera ndi magazi. Ndinawaona pakansalu kamene ankabisa pansi pa pilo. Kuchipatala anawonjezera jakisoni wa tsiku ndi tsiku. Amalume ankabwera m'mawa kudzawakweza panjinga, mpaka matako a amayi anatupa moti ankakhala chopendekeka. Zitumbuwa zinalekeka. Anthu a m'nyumbamo ankabweretsa phala ndi ndiwo mosinthana, ndipo amake mapasa ankachapa zovala zathu akaweruka, manja ake atatopa kale ndi zovala za eni.

Ndakula ndikuifunsa nkhaniyi mbali zonse. Mwina amayi analinso ndi matenda aja osatchulidwa, poganizira mmene atate anapitira. Masiku amenewo anthu sankayezetsa, ndipo mankhwala ake kwa ife kunalibe. Mwina akanapitabe ngakhale akanamwa piritsi lililonse. Koma ndikudziwanso kuti anali atayamba kuchira, ndinawaona ndi maso angawa akunenepa ndi kuimba. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Amake mapasa anachira, anakalamba, ndipo paukwati wanga ndiwo anayang'anira miphika, akulira kuposa ine mkwatibwi. Ndinatenga zaka kuti ndithe kuwayang'ana kumaso, ngakhale ndikudziwa kuti iwo sanalakwe. Ana anga amandiseka kuti ndine wapolisi wa mankhwala, chifukwa m'nyumba mwanga mulibe piritsi lotsala, ndipo wobwera kudzapempha ndimamuperekeza kuchipatala ngakhale andinene kuti ndine womana.

Koma chimene chinandivuta chilimwe chimenecho sichinali mapiritsi ayi. Amayi anasintha kwa ine. Kuyambira pamene magazi anaoneka, anandichotsa pabedi pamene ndinkagona nawo chibadwire, n'kundiyalira pansi pafupi ndi khomo. Anapatula kapu yawo ndi supuni yawo. Ndikayandikira ankatembenukira kukhoma, n'kutseka pakamwa ndi chitenje. Tsiku lina ndinamwa madzi otsala m'kapu yawo, ndipo anandimenya khofi pamsana, iwo amene anali asanandimenyepo. Patapita masiku ochepa amalume anabwera kudzanditenga, zovala zanga zili kale m'pulasitiki. Amayi anali atalamula kuti ndizikakhala ku Matero.

Ndinalira njira yonse. Mumtima mwanga mlandu unali woonekeratu: mayi amene ankagawira aliyense chilichonse wandimana ine ndekha, mwana wake, ngakhale madzi akumwa. Ndinaganiza kuti akundilanga chifukwa cholankhula m'kalasi. Amalume, munthu wodziwa zitsulo kuposa ana, ankangonena kuti, "Bamako bakukonda, iwe. Leka kulila."

Ankapita nane kukaona amayi Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Ulendo womaliza unali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha. Ndinali nditavala diresi la salaula, la pakaunjika, limene akazi awo a amalume anandigulira, lachikasu, lalikulu pang'ono. Chitseko chinali chotsegula, zenera lotsegulanso, monga anesi analangizira. Amayi anali atatsamira mapilo, ang'ono ngati mtsikana, maso okha ndiwo anali aakulu. Nditawaona ndinaiwala mkwiyo wanga wonse n'kuthamanga.

"Imilila pamene apo," anatero, atakweza dzanja. "Usangene."

Ndinaima pakhomo. Amalume analowa n'kukhala pampando, koma amayi sanawalabadire. Anayamba kundiyang'ana ine. Anayambira kumutu, kutsitsi limene linalukidwa ndi manja a munthu wina, n'kutsikira kumaso, m'khosi, m'mapewa mmene diresi linkagwera. Anandiuza kuti nditembenuke, ndinatembenuka. Anati nditembenukenso. Ankapuma movutikira, maso awo akuyenda pa ine pang'onopang'ono, osaphethira, mpaka anafika kumapazi.

Ine ndinkadziwa kuyang'ana kwa mtundu umodzi wokha kotere, kwa m'mawa popita kusukulu, pofufuza ngati ndasamba bwino. Mapazi anga anali otuwa ndi fumbi la mumsewu. Ndinachita manyazi, n'kubisa phazi limodzi kuseri kwa linzake, ndikudikira kuti andikalipire.

"Wakula," anatero. "Yenda manje, dzuwa yakupya."

Ndinachoka ndikusangalala kuti sanaone fumbilo. Anamwalira mkati mwa sabata yomweyo, mvula yoyamba isanagwe, ine ndikukonzekera kuti Lamulungu likudzalo ndidzapite nditasamba mapazi, mwina adzandilola kulowa.