Njinga Yakuda ndi Njira za m'Malabvi

Amuna anga anabwera ndi zinthu ziwiri kuchokera ku Joni: njinga yakuda ndi chifuwa. Njingayo tinaiona tsiku lomwelo, ndipo ana a mudzi wonse anaunjikana kudzaliza belu lake. Chifuwacho chinayamba kuonekera patapita zaka.

Anabwera nthawi ija boma linaletsa anthu kupita ku migodi, cha m'ma 1970. Tinkakhala kwathu, kuseri kwa phiri la Malabvi, iwo ali pachikamwini. Munda umene amalume anatigawira unali waung'ono, wamiyala yokhayokha, moti chimanga chake sichinkatifikitsa kutali. Choncho anayamba geni. Ankagula nthochi, kabichi ndi tomato m'madimba a m'mbali mwa phiri, n'kumanga dengu pakaliyala, n'kukagulitsa ku Nguludi, kumene kunali aphunzitsi, anamwino ndi anthu odikirira odwala kuchipatala.

Kuchoka kwathu kupita ku Nguludi panali njira zitatu. Ya kumunsi inkazungulira phiri, kudutsa m'minda ya chinangwa ndi nandolo, n'kukawoloka kamtsinje pamalo a mchenga. Inali yaitali koma yosavuta, ngakhale wophunzira kumene njinga ankafika bwinobwino. Yapakati inkakwera pang'ono n'kulowa m'nkhalango, m'mitengo ya masuku, mmene mizu inkatulukira pamtunda n'kumaterera kukagwa mvula. Imeneyi inkafuna munthu wodziwa kugwira mabuleki. Yachitatu tinkaitchula kuti ya Kumathanthwe. Inali ya amayi otola nkhuni ndi anyani basi. Pokwera umachita kukankha njinga mpaka pamwamba, ndipo matsitso ake anali oopsa ngakhale kungoyang'ana pansi.

Amuna anga ankakonda imeneyo. Amayi otola nkhuni ankandiuza kuti akamva belu likulira kumtunda ankathawira m'tchire, n'kuona munthu akudutsa ngati mphepo, dengu lili kumbuyo, iye akuimba nyimbo za kumigodi.

Tsiku lina ndinawafunsa tikudya.

"Inu bambo, mukufuna mudzafere chiyani m'mathanthwemo? Njira yabwino ilipo."

Anaseka, n'kupukuta m'manja.

"Mayi, ine ndakhala pansi pa nthaka zaka zonsezi, kopanda dzuwa, kopanda mphepo. Ndilekeni indiwombeko kumaso."

Sindinawaletsenso.

Sanandiuze tsiku limene anasiya njira ya Kumathanthwe. Ndinangoona kuti ayamba kulawirira kwambiri, n'kumabwera dzuwa litapendeka, ndipo amayi aja anandifunsa kumjigo kuti belu lija lapita kuti. Nditawafunsa amuna anga, anati matayala akutha msanga ndi miyala. Ndinavomera, koma ndinkamva mmene ankatsokomolera akafika pakhomo, atatsamira chishalo, asanamasule n'komwe dengu. Chaka chotsatira anasiyanso yapakati. Ankangodzera ya kumunsi, ndipo ngakhale imeneyo ankatsika pa kachitunda kalikonse n'kumakankha. Malaya anayamba kuwakulira.

Ku Nguludi anawayeza n'kutiuza kuti ndi chifuwa chachikulu, komanso kuti fumbi la m'migodi linawononga kale mapapo. Anawagoneka kwa miyezi ndithu, akubayidwa jakisoni mpaka kusowa pokhalira. Atatuluka anali bwinoko, koma kupalasa njinga kunali kutatha. Ankayenerabe kumapita kukatenga mankhwala ndi kukapimidwa, ndipo pakhomo panali ana atatu ofuna kudya. Njinga inangokhala m'nyumba, itatsamira khoma, nkhuku zikugona pansi pake.

M'mawa wina anaitulutsa, n'kupopa matayala pang'onopang'ono, akupumira m'kati.

"Bwerani kuno, mayi. Lero muphunzira."

"Ine? Anthu anena chiyani?"

"Anene. Akamaliza kunena abwere ndi ufa."

Nthawi imeneyo kwathu kunalibe mkazi wopalasa njinga. Komanso inali njinga yachimuna, ya chitsulo pakati, ine ndili m'chitenje. Ndinavala diresi lalitali lotayana, n'kumanga chitenje m'chiuno, tinapita pabwalo la mpira la kusukulu ana ali m'kalasi. Wophunzitsa njinga amayenera kugwira kaliyala n'kumathamanga pambuyo. Iwo ankagwira, kuyenda pang'ono, mpweya n'kuwathera, n'kusiya. Ndikacheuka ndinkawaona atawerama, manja ali m'mawondo, ndipo pomwepo ndinkagwa.

"Musamacheuke!" ankatero mpweya ukabwerera. "Yang'anani kumene mukupita. Ine ndilipo."

Ndinaphunzira msanga chifukwa panalibe wondigwira. Mawondo anga anali mabala okhaokha. Amayi anga anakhala masiku osandilankhula, akuti ndikuwachititsa manyazi, ndipo anyamata a pagolosale ankaimba mluzu ndikamadutsa. Koma geni ija ndinaitenga. Ndinayamba ndi njira ya kumunsi, dengu losadzaza, kenako lodzaza. Tsiku la kuchipatala ndinkachotsa dengu n'kupinda thumba pakaliyala kuti iwo akhalepo. Anali opepuka kuposa nthochi.

Njira yapakati anandiphunzitsa ndi pakamwa, atakhala pakhonde. Ankaidziwa yonse ngati m'nyumba mwawo. Ankandiuza pamene pali muzu waukulu wopingasa njira, pamene madzi anakumba, pamene ndiyenera kutsika osachita makani. Ankati pamatsitso ndizidalira buleki ya kumbuyo, ya kutsogolo ndizingoikhudza, ndipo thupi ndizilibwezera m'mbuyo. Tsiku loyamba kudzera kumeneko ndinabwera tomato wina ataphwanyika. Anandiyang'ana, n'kufunsa kuti muzu uja ndinaudutsa bwanji. Nditawauza kuti sindinatsike, anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa.

Pang'ono ndi pang'ono njira imeneyo ndinayamba kuikonda. M'nkhalangomo munali mozizira, mopanda ondiyang'ana. Pakhomo sindinkalira chifukwa cha ana ndiponso chifukwa cha iwo. Ndinkalirira mmenemo, ndikukankha njinga pachitunda, ndipo pofika ku Nguludi maso amakhala atauma.

Tinakhala choncho kwa kanthawi ndithu. Kenako chifuwa chinabwerera. Inali nthawi ya dzinja, chimanga chikumasula, mvula itagwa masiku otsatizana. M'mawa wina ndikusesa panja ndinamva akundiitana ndi mawu achilendo. Nditalowa ndinawapeza atagwira beseni, m'besenimo muli magazi. Ana ndinawatumiza kwa amayi anga. Amuna a m'mudzi anali atapita kale kuminda, ndipo kusonkhanitsa anthu onyamula machira kukanatenga nthawi. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti kamtsinje ka njira ya kumunsi kadzaza, palibe akuwoloka. Inatsala yapakati.

Ndinawakweza pakaliyala, iwo n'kukumbatira chishalo, ine n'kumakankha. Matope ankamata m'matayala mpaka njinga kukana kuyenda, ndipo ndinkaima n'kumachotsa ndi kamtengo, phewa langa litawachirikiza kuti asagwe. Mitengo inkatidonthezera madzi. Sitinakumane ndi munthu aliyense. Titafika pamene njira imayamba kutsetsereka ndinaona kuti manja awo alibe mphamvu yogwira. Ndinamasula chitenje, ndinakwera pachishalo, n'kuwamangirira kumsana kwanga ngati mwana. Mutu wawo unatsamira pakhosi panga. Unali wotentha.

"Buleki ya kumbuyo," ananong'ona.

"Ndikudziwa, bambo."

"Muzu uja uli pafupi. Lero tsikani."

Sindikanatha kutsika titamangana choncho. Ndinachepetsa liwiro, ndinaponda pansi ndi mwendo umodzi, tayala lakumbuyo linaterera n'kupita cham'mbali, pedulo inanditema pamsongolo, koma sitinagwe. Ndinamva akupuma mofulumira kumsana kwanga, kenako anati, "Mwakhoza."

Kumunsi, pamene njira ya Kumathanthwe imadzakumana ndi yapakati, anandipempha kuti ndiime. Ndinaganiza kuti akufuna kusanza. Koma anangotembenuza mutu n'kumayang'ana kumtunda, kumene kanjirako kankalowa m'nkhungu.

"Pamwambapo pali mwala wafulati," anatero. "Ukaima pamenepo kunja kutayera umaona Mulanje yense. Ndinkafuna ndidzakutengereniko."

"Mudzanditengera mukachira."

"Eya," anatero. "Tiyeni."

Kuchipatala anatilandira msanga ndipo anachita zonse zimene akanatha. Sisitere wina anaona magazi pamwendo panga n'kundimanga bandeji, ine ndisakudziwa n'komwe kuti ndavulala. Amuna anga anakhala masiku ochepa. Anamwalira masana, ine ndili kukhitchini ya odikirira odwala, ndikuwaphikira phala. Nditabwera nalo ndinapeza atawafunditsa kale nsalu kumaso. Ndinaima ndi mbale ija m'manja mpaka mayi wina wodikirira pabedi loyandikana anandilanda n'kundikhazika pansi.

Madzi anali ataphwera, ndiye maliro anadzera njira ya kumunsi, amuna akusinthana ponyamula. Njinga anaikankha amalume, ine ndikuyenda pambuyo pakati pa amayi.

Mwambo wa maliro utatha, abale awo a ku Namitambo anatsalira kuti akambe za katundu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Alamu anga, mkulu wawo wa malemu, anati ana ndi a kwathu, nyumba ili pa malo athu, koma zimene m'bale wawo anabwera nazo ku Joni zibwerere kwawo: sutikesi, jekete, bulangete ndi njinga. Ndinayang'ana amalume. Iwo anayang'ana pansi, chifukwa ndi mmene zinkakhalira.

"Alamu," ndinatero, "njingayi ndi imene ikudyetsa ana a m'bale wanuwa."

"Tamva, mlamu," anayankha mofatsa. "Koma njinga si chinthu cha munthu wamayi. Mwavutika nayo mokwanira."

Sanali munthu woipa. Analira kwambiri kumanda. Anamanga sutikesi pakaliyala ndi luzi, ndipo atagwira mahandulo ndinazindikira kuti sadziwa kupalasa. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pampu n'kuwapatsa, ndinawauza kuti tayala lakumbuyo limatuluka mpweya pang'onopang'ono. Anathokoza. Ananyamuka akuikankha, atatalikirana nayo kuti pedulo isawamenye mwendo.

Geni ndinayesa kuipitiriza ndi dengu pamutu, koma ndinkafika ku Nguludi ena atagulitsa kale, ndipo pobwera miyendo inkatupa. Pofika nthawi yokolola ndinali nditasiya. Ndinayamba kuyenda m'maganyu, kupalira ndi kukolola m'minda ya anthu. Mwana wanga woyamba anasiya sukulu chaka chomwecho, ndipo atakulako anapita kukathyola tiyi ku Thyolo. Awiri enawo ndinalimbana nawo mpaka anadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Patapita zaka alamu aja anabwera kudzaona ana, atanyamula nkhuku. Anabwera wapansi. Ndinawaphikira, tinacheza za mvula ndi za matenda a kwawo. Za njinga sindinafunse, ndipo iwonso sanatchule.