Amayi a Chikho ndi Mwendo Wawo Wautali

Abale ndi alongo, amene tinawaika m'manda sabata yatha ambiri tinkangowadziwa kuti Amayi a Chikho. Anakula ali amasiye, ndipo ankasesa tchalitchi chathu asanapite kusukulu. Atakwatiwa anapatsidwa ntchito yonyamula chikho cha vinyo kupita nacho kuguwa, nakalamba nayo osataya ngakhale kadontho. Ankakonda kunena kuti, "Manja ndi anga, koma katunduyu ali ndi mwini wake."

Chiuno chitayamba kuwazunza, dokotala anawalonjeza kuti akawachita opaleshoni n'kuwaika chitsulo m'chiunomo adzayenda ngati mtsikana. Ululu unathadi, koma mwendo wa opaleshoniwo unatalika kuposa unzake. Atapita kukadandaula, dokotalayo sanawayeze n'komwe. "Agogo, zili m'mutu izo. Muzolowera."

Lamulungu lina anatsimphina, vinyo n'kutayikira pansi pang'ono. Apampando a komiti ya tchalitchi anawatengera pambali. "Mayi, tapumulani kaye. Mukayamba kuyenda bwino, chikho n'chanu." Iwo anakhulupirira, poti sankadziwa kuti mawu ena amangonenedwa pofuna kumuchotsa munthu pamaso.

Wosoka nsapato anawakwezera chidendene cha nsapato ya mwendo waufupiwo. Tsiku ndi tsiku amayiwa ankadzaza kapu ndi madzi, n'kumayenda nayo kuchokera kukhitchini mpaka pakhomo. Msana unkawawa, koma sanaleke. Tsiku limene anafika pakhomo madzi osatayika, anatuma mwana wawo wamkazi kwa apampando. Yankho linali lakuti, "Tibwera tidzaone." Chonsecho chikho chinali chitaperekedwa kale kwa alamu awo a apampandowo, ndipo sichinali chobwereka ayi.

Ndikulemba izi mtima ukundiwawa. Dokotala anali mlendo, koma enawa anali anthu ogwada nawo benchi imodzi. Mwana wawo uja atatopa anati, "Amayi, anthu aja anakutayani." Iwo anayankha kuti, "Usatero, mwanawe, atanganidwa. Tandisitira diresi loyera lonyamulira chikho lija, mwina abwera mawa." Misa sankajomba. Ankakhala kumbuyo, chikho chikamadutsa n'kuweramitsa mutu.

Anatisiya mwakachetechete masana ena, kolona ili m'manja, atakhala pampando woyang'ana kukhomo. Pamaliro apampando analankhula zokoma mpaka kugwetsa misozi. Amayiwa atisiyira chitsanzo cha kukhulupirika, ngakhale kwa anthu osasunga mawu awo. Diresi lija analivaladi, ndipo anadutsanso pakati pa tchalitchi kupita kuguwa, osatsimphina, ife titawanyamula.