Batire Lomwe Linandichotsetsa Ntchito

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba, sabata yachiwiri ya Disembala, m'chaka changa chachiwiri pa ntchito. Lina linatsatira patatha masiku khumi, ndipo lomaliza ndinalilemba Chaka Chatsopano chitangodutsa. Onse atatu ndinawalemba ndi dzanja langa nditaika kaboni pansi, ndipo makope ake ndili nawo mpaka lero. Mawu ake anali amodzimodzi: batire la njinga yamoto nambala 4 silikusunga moto, ndikupempha lina. Palibe ndi limodzi lomwe linayankhidwa.

Ntchitoyo anandipezera atsibweni anga, a Likoswe, mlongo wa mayi anga, omwe anali kapitawo wa galaja pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Ndinali nditamaliza Sitandade 8 ndipo ndinkangothandiza mayi kumunda wa nandolo kwathu kufupi ndi Muloza. Tsiku lina atsibweni anafika pa njinga yakapalasa, nakhala pakhonde, n'kuyamba kuyankhula ndi mayi m'Chilomwe. Atatha anandiitana.

"Kuofesi akufuna mnyamata wodziwa kuwerenga, wosamwa mowa, woti aziyenda pa njinga yamoto," anatero. "Ndawauza kuti ndili naye. Iwe Wyson, usakandichititse manyazi."

Tsiku loyamba kalaliki anandifunsa khadi la chipani asanandifunse setifiketi ya sukulu. Zonse ziwiri ndinali nazo. Ntchito yanga inali yonyamula makalata kuchoka kuofesi yaikulu kupita kumadivishoni, kupereka mankhwala kudispensale, ndi kukatenga mtokoma wa makalata ku Chitakale. Njinga zinalipo zinayi. Yanga inali ya mtundu umene moto wa pulagi umadalira batire. Njinga zina batire likafa umangosowa nyali ndi hutala, koma iyi likafa nayonso yafa, ngakhale uponde kiki mpaka mwendo kutupa.

Za batire anandiphunzitsa ndi atsibweni omwewo, ndipo anandiphunzitsa bwino. Ichi sindidzawamana. Batire latsopano linkabwera louma. Tinkathira asidi m'zipinda zake zitatu mpaka pamzere, n'kulisiya lipume, kenako n'kulilumikiza ku tchaja pa moto wochepa kufikira m'mawa mwake. Likatha tinkaliocha nambala ya njinga ndi msomali wotentha. Loweruka lililonse ndinkatsegula tizivindikiro, n'kuyeza chipinda chilichonse ndi galasi la mphira kumutu lomwe tinkalitcha haidiromita. Madzi akatsika ndinkaonjezera a m'botolo la kusitolo ya kampani, ndipo akasowa tinkatchera a mvula m'beseni loyera pabwalo, osati otsika padenga la malata. Mitu ya batire ndinkaipala ndi sandipepa n'kuipaka girisi.

"Ukalisamala limatha zaka ziwiri, mwina zitatu," ankatero atsibweni. "Koma limadana ndi zinthu ziwiri: madzi akuda, ndi kulikama mpaka moto kutheratu. Ukalikama kangapo, mapuleti a mtovu a m'kati mwake amayera, basi lapita."

Batire latsopano la nambala 4 linaikidwa mu Seputembala. Pofika Novembala linali litayamba zachilendo. Loweruka masana ndinkasiya njinga m'galaja hutala ikulira bwinobwino, koma Lolemba m'mawa inkangokhosomola ngati nkhuku ya chitopa. Ndinayang'ana mawaya onse, sindinapeze pothawira moto. Chomwe ndinapeza chinali mikwingwirima yatsopano pamabawuti, ndi tizidutswa ta waya wa kopa pamitu ya batire, waya umene panjinga yanga panalibe.

Lamulungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinadutsa pabwalo la mpira. Amayi a m'malaini, nyumba za antchito zija, ankayeserera magule a msonkhano wa chipani. A tcheyamani a nthambi yathu ankalamula kudzera pa chimkuzamawu, akufuula kuti mzere uwongoke. Pansi pa tebulo lawo panali batire, mawaya awiri atalikulunga. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Nambala 4 yomwe ndinaocha ndekha inali pomwepo.

Lolemba ndinawapeza atsibweni ali okha akutsuka kabureta.

"Atsibweni, batire langa ndaliona kubwalo dzulo."

Sanadzutse mutu. "Maso ako ndi akuthwa. Ndiye?"

"Akulikama. Munanena nokha kuti likakamidwa limafa."

"Ndinanena, inde. Ndiye upite ukawauze a tcheyamani kuti amayi azivina opanda chimkuzamawu chifukwa Wyson akufuna hutala. Pita, ndikudikira." Anapukuta manja pa ovololo. "Anabwera okha kudzapempha. Iwe ukanakana? La lole ndi lolemera, la thirakitala bwana amaliona. Lako ndilo lokwana m'chikwama."

"Ndiye mundipatse lina."

"Lemba kalata."

Ndinalemba tsiku lomwelo. Pa nthawiyo sindinkadziwa chifukwa chomwe makalata anga sankayenda. Ndinadzazindikira pambuyo pake. Lamulo la kusitolo linali loti usanapatsidwe batire lina, lakale libwezedwe, ndipo kapitawo alembe chimene chalipha. Batire la miyezi itatu silifa lokha. Atsibweni akanalemba chiyani? Choncho makalata anga ankathera m'dirowa yawo, ndipo Lolemba lililonse ankangolilumikiza ku tchaja kwa ola limodzi n'kundiuza kuti ndiziliza njinga mokankha.

Tsiku lovuta linafika mu Januwale, Lolemba. Mvula inali itagwa kuyambira Loweruka, ndipo mtengo unali utagwera waya wa telefoni. Ndinafika kudispensale ya divishoni yakutali, kumunsi kwa phiri, cha m'ma teni koloko. Ndisanatsitse katoni ya mankhwala, azamba anatuluka manja ali magazi.

"Achimwene, musazimitse njingayo. Muno muli mayi Esinala, othyola tiyi. Mwana wagona mopingasa, ine ndalephera. Thamangani kuofesi, lole ibwere tipite nawo kuchipatala cha Mishoni. Musaime paliponse."

Njinga inali itazima kale. Amuna awiri omwe ankadikira mankhwala anandikankha mpaka inalira. Kuchoka pamenepo kukafika kuofesi unali mtunda wa mamailosi asanu ndi atatu, njira ya matope pakati pa minda ya tiyi. Ndinkadziwa kuti injini ikamathamanga imadzipangira moto wokwanira, koma ikatsika mphamvu imapempha kwa batire, ndipo batire linalibe chopereka. Choncho nyali sindinayatse ngakhale kunali nkhungu, hutala sindinakhudze, ndipo m'makona ndinkangogwira kilatchi mafuta osachepetsa.

Mamailosi atatu ndinayenda choncho. Kenako ndinafika pakamtsinje kopanda mlatho, pomwe madzi amadutsa pamwamba pa simenti. Anali atafika m'mawondo. Pamenepo palibe munthu angathamange. Ndinatsitsa giya, ndinalowa pang'onopang'ono, ndipo nditangotulukira tsidya linalo injini inazima.

Ndinamasula pulagi ndi sipanala, ndinaipukuta ndi malaya, ndinaigunditsa pa injini n'kuponda kiki. Moto panalibe, ngakhale kakang'ono. Ndinayang'ana ngati madzi alowa m'mapointi, tizitsulo totumiza moto ku pulagi, koma anali ouma. Ndinayesa kukankha, koma pamalopo ndi pachigwa, kutsogolo chitunda, kumbuyo madzi. Ndinaponda kiki mpaka inandibwerera n'kundichekera msongolo. Pamenepo ndinagoneka njinga m'mbali mwa tiyi, ndinavula nsapato, n'kuyamba kuthamanga.

Ndinafika kuofesi dzuwa litapendeka, n'kupereka uthenga wa azamba. Lole inanyamuka nthawi yomweyo, koma inayenera kuzungulira njira yakumtunda. Mayi Esinala anafika kuchipatala ali moyo, ndipo madokotala anawapulumutsa. Mwana anatuluka atafa kale. Anali wamwamuna, woyamba.

Lachitatu anandiitana kuofesi ya bwana wamkulu. M'mawa mwake, ndisanalowe, atsibweni anandikokera kuseri kwa galaja.

"Za Lamulungu usatchule," ananong'ona. "Ukangoti chimkuzamawu, ndiye kuti wanena kuti chipani chapha mwana. Tonse awiri atitenga lero lomwe, ndipo mayi ako sadzadziwa komwe tili. Iwe ukhale chete. Ndiyankhula ndine. Ndikanena kuti batire linabwera loipa kuchokera komwe analipanga."

Ndinawakhulupirira. Anali mwini mbumba wathu. Ndi iwo amene anandiperekeza kusukulu tsiku loyamba.

M'ofesimo munali bwana wamkulu, mzungu, ndi kalaliki womasulira. Munalinso a tcheyamani, chifukwa masiku amenewo mlandu wa wantchito sunkakambidwa popanda wa chipani. Batire linali patebulo, pa nyuzipepala. Bwana anafunsa atsibweni chomwe chinalipha. Iwo anatsegula tizivindikiro, napendeketsa batirelo, ndipo m'mbale munatsika madzi ofiira a dothi.

"Bwana, onani nokha," anatero. "Mnyamatayu amathira madzi a mumtsinje. Ndamuuza kambirimbiri. Ndi mwana wa mlongo wanga, zikundiwawa, koma sindinganame."

Ine chiyambire sindinathirepo dontho la madzi a mumtsinje m'batire lililonse. Njingayo inabwera ndi thirakitala Lachiwiri n'kugona m'galaja, ndipo kiyi wa galaja anali ndi munthu mmodzi.

Bwana anandifunsa ngati ndinanenapo kuti batire likuvuta. Ndinati katatu, ndipo ndinatulutsa makope anga. Anawayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Siginecha ya wolandira ili pati?" anafunsa kudzera mwa kalaliki.

Panalibe. Ndani amauza atsibweni ake kuti asainire kalata?

"Ine sindinalandirepo pepala lililonse," anatero a Likoswe, maso ali pa batire.

Apo a tcheyamani anatsamira kutsogolo, akumwetulira. "Mwana wanga, ngati pali china chomwe ukudziwa, nena. Tabwera kudzamva zoona. Nena, usaope."

Ndinawayang'ana, ndinayang'ana baji ya pachifuwa pawo, ndinakumbukira mayi anga. Ndinati palibe.

Kalata yondichotsa ntchito inatuluka tsiku lomwelo. Ndime yake yachiwiri imati ndinawononga katundu wa kampani chifukwa cha ulesi, ndinasiya njinga patchire, ndinanamizira kapitawo wanga, ndipo kusasamala kwanga kunachedwetsa thandizo la wodwala. Kalaliki anaiwerenga pa sikelo yoyezera tiyi, pamaso pa othyola onse, kuti ena atengerepo phunziro. Esiteti iliyonse yomwe ndinakafunsirako ntchito inkafuna kalata ya komwe ndinachokera. Ndinkaipereka, ankaiwerenga, n'kundibwezera ndi zala ziwiri.

Atsibweni ndinakumana nawo pa maliro a mayi anga, patapita zaka. Anandigwira dzanja kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Ndinali ndi ana asanu ndi awiri, iwe unalibe ndi mmodzi yemwe. Unkafuna nditani?" Kupepesa kwawo kunali komweko. Anagwira ntchito mpaka kupuma, anapatsidwa wotchi, ndipo anamwalira ali mkulu wa mpingo.

Ine ndinathera pansi pa mtengo wa mango ku Chitakale, kukonza njinga za anthu, ndipo ndakalambira pamenepo. Aliyense wobwera kudzafunsa za batire ndimamuuza zomwezi. Gula louma, asidi athire iwe ukuona, chifukwa lomwe lakhala pashelefu ndi asidi layamba kale kukalamba. Linyamule m'manja: lopepuka ndi lopepuka chifukwa mtovu wake ndi wochepa, ndipo kutchipa kwake udzakulipira panjira. Yang'ana kukula kwake kufanane ndi lomwe wachotsa. Usalibwereketse kwa wa wailesi, ngakhale akhale mlamu wako. Ndipo pepala lililonse lomwe ukupereka, wolandira asaine, kaya ndi bwana, kaya ndi m'bale wako wa bere limodzi. Makamaka m'bale wako.

Pakamwa panatseguka kalekale m'dziko muno, ndipo zimene sindikanatha kunena m'ofesi muja ndazinena pano. Kuyambira pamene zinthu zinasintha ndalembera esitetiyo kanayi. Kawiri anandiuza kuti mafayilo akale anadyedwa ndi chiswe. Kamodzi sanandiyankhe n'komwe, ndipo kamodzi mnyamata wa pageti anandifunsa ngati ndikufuna ndalama. Sindikufuna ndalama, sindikufunanso ntchito, maso anga sangaonenso msewu.

Mayi Esinala ali moyo. Amagulitsa nthochi pamsika wa Chitakale, mayadi ochepa kuchoka pomwe ndimakhala. Sanaberekenso. Zaka zonsezi akandiona amatembenuzira nkhope kumbali, chifukwa zomwe anamva pa sikelo paja ndi zomwe amadziwa. Ndinayesapo kamodzi kuwafotokozera. Anati, "Bambo, kampani inalemba. Inu mukufuna ndimve za pakamwa?"

Choncho, kwa oyang'anira esiteti a lero, omwe ndawatumizira kope la nkhani ino: ndikupempha mwaulemu kuti ndime yachiwiri ya kalata yondichotsa ntchito ifafanizidwe, ndipo mundilembere kuti yafafanizidwa. Yankho lanu likhale pa pepala la kampani, lodindidwa ndi losainidwa. Likhalenso m'Chichewa, chifukwa mayi Esinala Chingerezi samva, ndipo ndikufuna mwana wa mng'ono wawo awawerengere ine ndili chiimire pomwepo. Tonse awiri takalamba. Chonde nkhaniyi iyankhidwe tikadali ndi makutu.

Ine wanu,
Wyson Namalawa
Yemwe anali mesenjala wa njinga nambala 4