Chipinda cha odwala mapapo chili pamwamba, lifiti inafa

Chipatala china muno mu Bulawayo chinaika chipinda cha odwala mapapo pansanjika yachitatu. Lifiti inafa kalekale. Amene muli ndi odwala, dziwiranitu.

Bambo anga anakalambira mu fakitale yosungunula zitsulo. Utsi wa kumeneko ndi fodya zinawononga mapapo awo. Adokotala anati matendawa sachira, koma a fiziyo akhoza kuwaphunzitsa kapumidwe ndi katulutsidwe ka makhololo, kuti asamabanike usiku. Nyengo yozizira yapitayi anagonekedwa, tinkangoti apita. Ndiye nkhani ya fiziyoyi sitinaitenge mwamasewera.

Lachiwiri ndinasiya tebulo langa la tomato kumsika wa Egodini, n'kunyamuka ndi bambo kwathu ku Magwegwe m'mawa. Kuchoka pakhomo kukafika pokwerera kombi anaima kangapo, atagwira mipanda ya eni ake.

Pachipatala ndinafunsa mlonda za lifiti. Anati ikudikira sipeya. Ndinapempha njinga ya odwala. Anati ilipo, koma sikwera masitepe. Ndinafunsa ngati a fiziyo angatsike. Anati iwo satsikira odwala, odwala ndi amene amakwera.

Tinayamba kukwera. Bambo amati akaponda masitepe awiri, n'kuima. Chifuwa chikulira ngati ketulo. Tili pakati, milomo yawo inayamba kuda. Mwamuna wina wa jekete loyera anatsika mothamanga, foni ili kukhutu. Anati, "Uxolo khulu," ndiye kuti pepani agogo m'Chindebele, n'kuwalambalala bambo bwinobwino. Ulemu anali nawo, zimenezo sindingawanamizire.

Titafika pamwamba, bambo anakhala pansi penipeni chifukwa benchi inali yodzaza. Mayi wa padesiki anatiyang'ana n'kufunsa, "Simunakumane nawo a fiziyo? Angotsika kumene. Apita ku wekishopu."

Ndinafunsa kuti wekishopu ya chiyani. Anati ya kasamalidwe ka odwala.

Ndinapempha kuti wina aliyense angowaonetsa bambo kapumidweko. Mayiwo anati iwo ndi a mafayilo. Kachipangizo kopumiramo, ka timipira, kali mukabati, ndipo kiyi wapita ku wekishopu. Kenaka anawerama, n'kuwauza bambo mokweza ngati ndi ogontha, "Khulu, phefumulani nje. Muzingopuma. Buyani kusasa, mubwere mawa."

Muzingopuma. Nanga ife tinkaganiza bwanji osaidziwa nzeru imeneyi? Zaka zonsezi bambo akubanika, kani amangoiwala kupuma?

Ine ndi bambo tinayamba kutsika. Munthu amene ankanyamula zitsulo paphewa anatsika masitepe aja chokhala, ngati mwana, anthu akuwadutsa. Ine ndinali kutsogolo, nditanyamula chipewa chawo.

Tinakwera kombi. Tikuyandikira kunyumba anandigwira dzanja. "Esinati, mawa upite kumsika. Mpweya umene ndatsala nawo ndi wochepa. Sindikautayanso pamasitepe."

Ndawanyengerera, akana. Bambo anga akakana, akana.

Tsono akuluakulu a chipatalachi, sindikupempha lifiti, ndamva kuti sipeya ili m'njira. Pansi, pafupi ndi khomo, pali chipinda chosungiramo mipando yothyoka. Ndinasuzumiramo, n'chachikulu. Anaganiza ndani kuti mipando yothyoka ikhale pansi, anthu obanika akwere pamwamba? Munthu ameneyo ndikufuna ndimuone. Akhoza kundipeza ku Egodini. Palibe masitepe.