Zimene Ndinayankhula Pambali pa Bedi la Apongozi

Apongozi anga aakazi anadwala sitiroko nditakhala m'banja mwawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ine kwathu ndi ku Zomba. Ku Mzuzu ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndi kumene ndinakwatiwa. Iwo ankakhala ku Msongwe, ife ku Chibanja. Sitinkadana, koma sitinkachezanso kwenikweni. Chitumbuka changa chinali chothyokathyoka, Chichewa chawo chinali chogulira zinthu pamsika basi.

Atagonekedwa m'chipatala, gadiyani ndinakhala ine, poti ana awo onse ndi amuna. Masabata awiri oyambirira ankatsegula maso, phala ankameza pang'onopang'ono. Sabata lachitatu anasiya zonse, ankangopuma.

Tsiku lina masana, kunja kukuwaza kamvula kozizira ka mu Juni, achemwali anga anaimba foni. Sindinatuluke m'wodimo. Ndinayankha nditakhala pomwepo, bondo langa litatsamira bedi. Ndinawadandaulira kuti msana ukundipweteka chifukwa chogona pansi, kuti ndatopa ndi kuchapa zitenje, kuti ana anga sindinawaone masiku asanu. Kenako ndinati, "Achemwali, kunena zoona, akanangopita. Akudikira chiyani? Olo tsiku limodzi sanandiyamikepo."

Nditadula foni panafika namwino wina wachikulire kudzawatembenuza. Ngati anandimva, sanaonetse. Anawerama pafupi ndi khutu lawo n'kunena, "Mwatandala uli, amama? Tikutembenuzeni pang'ono."

Ndinamufunsa, "Mumawayankhuliranji? Kodi akumva?"

"Tagwirani mapazi awo," anatero.

Ndinagwira. Anali ozizira.

"Thupi la munthu silitseka nthawi imodzi, amayi," anandiuza uku akukonza pilo. "Magazi amayamba kuchepa kumapazi ndi m'manja, otsalawo kumathamangira kumtima ndi kuubongo. Njala imatha, kumeza kumakanika, maso amasiya kutsatira chilichonse. Koma makutu amachedwa chomene. Munthu amatha kumva mawu ngakhale akulephera kuphethira. Kuti akumvetsa zochuluka bwanji, palibe angadziwe. Ndiye ife timangoyankhula ngati akumva zonse."

Anapitirira ku bedi lina. Ine kumaso kunanditentha. Ndinayang'ana khutu la apongozi, laling'ono, lokhala ndi kaboo ka ndolo, ndipo ndinaona kuti pakamwa panga sipanali kutali nalo. Mawu akuti kupita sasowa womasulira kwa Mtumbuka.

Pomwepo ndinakumbukira zomwe ndinali nditaziiwala dala. Nditabereka mwana wanga woyamba, mayi amenewa ankayenda wapansi kuchokera ku Msongwe m'mawa uliwonse, nthochi ndi chinangwa zili pamutu. Ankandisambitsira mwana, kundichapira matewera, n'kubwerera kwawo osanena zambiri. Kuyamika kwa pakamwa sankakudziwa, nanenso sindikumbuka kuti ndinawauzapo yewo.

Ndinagwada, ndinawagwira dzanja. "Amama, munigowokere," ndinatero, kupempha chikhululukiro m'chiyankhulo chawo. "Phepani chomene." Dzanjalo silinagwedezeke. Ndinabwereza katatu. Mayi wina amene ankadwazika pa bedi loyandikana nalo anatembenukira kukhoma.

Masiku awiri otsatirawo ndinkawayankhula osalekeza. Ndinkawauza kuti mdzukulu wawo wakhoza mayeso, kuti nyemba zawo kumunda wina wakazula, kuti mvula yakata. Kupuma kwawo kunayamba kudukizaduka, kumaima kanthawi kenako n'kuyambanso. Namwino uja anati ndi mmene zimakhalira. Anamwalira Lachisanu m'mawa ndikuwapukuta milomo ndi kansalu konyowa.

Pamaliro, alamu anga aakulu anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti banja lawo linapeza mkamwana wa mtima wabwino, amene sanachoke pambali pa mayi awo mpaka mapeto. Azimayi a mpingo anandiyang'ana akugwedeza mitu. Ine ndinazyolika, anthu n'kumaganiza kuti ndi chisoni.

Amuna anga sindinawauze mpaka lero. Tsiku lina patapita miyezi, tikuchokera kokaona manda, anandifunsa ngati mayi awo anasungulumwa masiku omaliza aja. Ndinati ayi, ndinkacheza nawo. Anandithokoza, ndipo tinayenda mpaka pasiteji.