Kontirola imene ndinasankha

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene adada anaimba foni kuchokera ku Joni n'kunena kuti pobwera pa Khirisimasi adzabweretsa kontirola, kachipangizo kamene ma DJ amalumikiza ku laputopu posakaniza nyimbo.

Masiku amenewo ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukashopu ka amalume pamsika wa pa Boma la Mzimba, kumene ankaikira anthu nyimbo m'mafoni. Makasitomala akachepa ankandisiyira laputopu yawo yong'aluka pakona. Munali pulogalamu yosakanizira nyimbo, ndipo ndinaiphunzira ndekha, kuchotsa nyimbo ina pang'onopang'ono ina ikulowa. Amayi ogulitsa tomato pafupi ankangogwedeza mapewa osazindikira kuti nyimbo yasintha. Chovuta chinali chakuti mausi a laputopu amagwira chinthu chimodzi, pamene nyimbo ziwiri zimafuna manja awiri.

"Zimenezi ukuzidziwa ndiwe, Tiwonge," anatero adada pafonipo. "Sankha yabwino, unditumizire chithunzi."

Ndinasankha kwa milungu itatu. Mlongo wanga Wanangwa, mnyamata wamkulu kwa ine, ankafuna chimakina chachikulu chothwanima magetsi. Ine ndinkaganizira kokaimbira. Maukwati ambiri anali kumidzi ya ku Embangweni, kopita pakabaza m'misewu ya mabampu, ndipo chinthu chachikulu chikanafika chitasweka. Magetsi ankazimazima, choncho ndinafuna yotenga mphamvu ku laputopu komweko. Ndinafunanso yokhala ndi pobayira mahedifoni, kuti ndizimva nyimbo yotsatira anthu asanaimve. Ndinapeza yaing'ono yokwana m'chikwama cha kusukulu, ya mawilo awiri ndi kotsetsereka pakati.

"Mbwenu wasankha bwino chomene," anatero amalume ataona chithunzicho.

Ndinaijambula pakatoni, batani lililonse pamalo pake, n'kumayeserera zala poyembekeza.

Adada anafika masana, mvula itangokata, dothi likununkhira. Anamasula zikwama pamphasa: mabulangete, mafuta odzola, nsapato. Kabokosi kanatuluka komaliza. Ine n'kuti nditasamba kale m'manja kawiri. Dzanja lawo linadutsa pamaso panga n'kukafika kwa Wanangwa.

"Nayi ntchito yako, mnyamata. Usamangokhala."

"Adada," ndinatero, "si yanga kodi?"

Anandiyang'ana modabwa, mopanda ukali, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. M'mutu mwawo maganizo amenewo anali asanadutsemo.

"Mwana wamkazi azizungulira m'maukwati ndi masipika? Iwe ndakugulira nsapato. Mlongo wakoyu umuphunzitse."

Amama anawerama n'kundinong'oneza kuti ndithokoze. Ndinagwada. Ndinati yewo.

Ndinamuphunzitsa Januwale yense. Analibe khutu la nyimbo. Ankazigundanitsa ngati ngolo ziwiri pamlatho wopapatiza. Atapeza ukwati woyamba wokaimbako, nyimbo ndinamusanjira ndine, n'kumulembera papepala yoyamba ndi yotsatira. Anapita ndi laputopu ya amalume. Ine ndinatsala ndikupalira chimanga. Wanangwa anabwerako anthu atamuyamikira, ndipo adada anauza aneba onse kuti mwana wawo ali ndi luso.

Pofika nyengo yokolola, Wanangwa anali atatopa nazo. Anapita ku Chikangawa kukacheka matabwa. Kontirola anaitsekera m'sutikesi pansi pa bedi la makolo. Nditapempha kuti ndiziigwiritsa ntchito kushopu kokha, masana, amalume ali pomwepo, adada anayankha kuchokera ku Joni kuti, "Ndi ya mlongo wako. Akabwera adzaifuna."

Sanaifunenso. Patapita zaka ziwiri amama anatsegula sutikesiyo pofuna bulangete. Chinyezi chinali chitalowa, mawilo atauma, nyerere zitamanga m'mabowo a zingwe. Tinailumikiza ku laputopu koma sinayake.

Lero ndimaimba m'maukwati ndi kontirola yanga yogula ndekha, koma sindinena kuti nkhaniyo inatha bwino. Adada akakhala pakhonde amakambabe za makina amene anagulira mwana wawo wamwamuna, iye osayamika. Dzina langa silitulukamo. Kwa zaka zambiri ndinkati anandinamiza. Tsopano ndikuona kuti sananene bodza ngakhale limodzi: anandiuza kuti ndisankhe, ineyo n'kumva kuti andipatsa. Munthu akhoza kukhulupirira nzeru zako zonse koma osakuwerengera. N'chifukwa chake masiku ano wina akandiuza kuti ndimusankhire chinthu, kaya ndi bwana kaya ndi m'bale, ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndafunsa kuti chikabwera chikhala cha ndani.