Kiyi wanu adakali mu seva, alamu

Alamu a Tembo, chaka chakwana chitisiyireni. Lero pokonza seva, kompyuta yosunga zinthu za gulu lathu la alimi a thonje, ndapeza kiyi wanu wa SSH, wolowera mu sevayo muli kutali, adakalimo. Ndakumbuka tsiku lija munatseka njira yolowera ndi pasiwedi musanatumize kiyiyo ku seva. Tinadzitsekera panja, ife tili ku Katete, seva ili ku Lusaka! Ine thukuta lili kamukamu, inu n'kumati, "Mlamu, chitetezo ndiye chimenechi, ngakhale eni ake sakulowa." Tinakwera minibasi kupita ku Lusaka kukatsegula sevayo, ine nditakhalira thumba la nshawa njira yonse, inu mukudya chimanga changa chootcha.

Apampando akuti ndichotse makiyi a onse amene kulibe. Wanuyo sindichotsa. Mukafuna kulowa, lowani alamu, koma chonde za pasiwedi musakhudzenso.